Munthu Amene Anasamukira ku Ellerby Mwadala

Pa anthu onse amene ndinawadziwa m'tauni mwathu, Emil Tollefson yekha ndiye anabwera ku Ellerby ndi miyendo yake, popanda womugwira pamkono. Enafe tinangobadwira pomwepo, ndiye tikanatani. Ena, amene anali ochuluka kuposa ife, ankatsika sitima ali pakati pa abale awiri oyang'ana pansi, n'kukwezedwa galimoto ya chipatala kupita kumtunda. Koma Emil anagulitsa munda wake wa tirigu kutali kumpoto, n'kutulukira ndi kalole kake, bedi, mbaula, ndi khanda lalikazi logona m'bokosi la maapozi. Amuna a pasiteshoni anamuyang'ana n'kunena kuti, "Ameneyu ndiye wafika kwawo."

Dzina la tauni yathu linali litasiya kale kukhala dzina la malo. Mphunzitsi wina ankatiuza kuti akuluakulu a njanji analitola kumudzi wina wa kutsidya kwa nyanja, ndipo ati limanena za munda wa pafupi ndi mitengo ya m'dambo. Mitengo yake iti? Kuno ukaona mtengo udziwe kuti wina anachita kudzala n'kumauthirira madzi otsukira mbale. M'chigawo chonse cha Saskatchewan munthu akati Ellerby sankanena za mitengo, sankanena za ife, sankanena za nkhokwe zathu za tirigu. Ankanena chipatala cha amisala chimene chinali pachitunda kuseri kwa njanji. Mayi akatopa ndi ana ankakuwa kuti, "Mundipititsa ku Ellerby ana inu!" Mlimi akagula ng'ombe yokalamba pamtengo wa yaing'ono, anzake ankamufunsa ngati tikiti ya ku Ellerby wagula kale. Anyamata athu akapita kukasewera pa ayezi m'matauni ena, anthu ankawalandira ndi mfuu yakuti, "Wakutsegulirani ndani?"

Ife eni ake, pokamba za chipatalacho, tinkangoti kumtunda. Ndipo tikakhala paulendo munthu n'kutifunsa kwathu, tinkayankha msangamsanga kuti Lorimer, katauni kotsatira panjanji, kamene kanali ndi sitolo imodzi ndi galu wopunduka. Abusa athu omwe ankatero. Inenso, Nettie Boyko, amene ndinaphika m'khitchini ya kumtunda mpaka mawondo anakana, ndinakhala wa ku Lorimer m'sitima zambiri.

Mkazi wa Emil dzina lake anali Verna. Mutu unamusokonekera atangobereka. Ankatuluka panja chisanu chili tho, atavala malaya ogonera okha, n'kuima m'chipale chofewa kumvetsera anthu amene sanalipo. Dokotala anasaina, ndipo anabwera naye kumtunda. Abale ake a Emil anamulangiza zimene mabanja ambiri ankachita masiku amenewo. Uziuza anthu kuti wapita kwa mchemwali wake kugombe la nyanja, zaka zikapita uziti anamwalira komweko, kenaka ukwatire wina woti alere mwanayu. Ndinaona ndi maso angawa amayi ambiri m'mawodi amene kwawo anali atafa kalekale, koma kwathu kukhitchini ankadyabe katatu patsiku.

Emil anakana. "Mkazi wanga sanafe, akudwala," anatero, ndipo mawu ake ambiri pa moyo wake wonse anali omwewo.

Anapeza ntchito yokama ng'ombe kumunda wa chipatala, n'kuchita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba yanga. Khanda lija, Arlis, linakulira m'khitchini mwanga pamodzi ndi ana anga, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Emil anali munthu wamtali, wamakutu otambalala, wa manja ong'ambika ndi madzi ozizira, woyenda pang'onopang'ono mpaka kukutopetsa. Ukamufunsa funso ankayamba wavula chipewa, n'kuyang'ana m'kati mwake, kenaka n'kuyankha. Ndinkamukalipira tsiku lililonse. "A Emil, khofi akuzizira, yankho mulipeza m'chipewamo mawa!" Iye ankangomwetulira.

Koma munthu wofatsayu anali ndi liuma lake. Alimi kuno amalemba dzina lawo ndi la tauni yawo pachitseko cha lole. Pafupifupi malole onse a kwathu ankati Lorimer. Emil atapita ndi kake kwa wopenta, wopentayo anafunsa mwachizolowezi, "Tilembe Lorimer, eti?"

"Lembani Ellerby."

"Mukayenda nalo kutali akakusekanitu."

"Zilembo zikuluzikulu. Mkazi wanga amakhala kuno, ndiye kwathu n'kuno."

Anamusekadi. Kumsika wa ng'ombe anyamata ankagogoda pachitsekocho n'kufunsa ngati madokotala akudziwa kuti watuluka. Emil ankavula chipewa n'kuwayankha mwaulemu kuti akudziwa, ndipo akapereka moni. Ine zinkandipsetsa mtima, komanso, ndinene zoona, ndinkamunyadira. Pa tauni yonse ya anthu opita kutchalitchi, wosanama pa nkhani ya kwawo anali mlendo.

Lamlungu lililonse masana ankasamba, kupesa tsitsi ndi madzi, kumuveka Arlis diresi yoyera, n'kukwera chitunda. Verna masiku ena ankawazindikira, n'kumuluka mwana tsitsi, n'kumafunsa za ng'ombe imodziimodzi ndi mayina ake. Masiku ena ankangoyang'ana khoma, kapena kumufunsa Emil kuti ndinu yani bambo. Emil ankakhalabe pampando mpaka belu lotulutsa alendo lilire. Ankati, "Ngakhale asandidziwe, ine ndikumudziwa."

Mwanayo ndiye anasenza katundu woposa msinkhu wake. Ana a ku Ellerby onse ankanyozedwa akapita kunja, koma pobwerera ankatsitsira mkwiyo wawo pa Arlis, chifukwa iye mayi ake anali kumtunda kwenikweniko. Atatha msinkhu, sukulu yawo inapita kumpikisano wa nyimbo kutauni ina. Arlis anali ndi mawu abwino. Wolengeza atatchula dzina lake ndi kumene wachokera, ana a m'holo anayamba kuzunguliza zala pambali pa mutu. Anaimba nyimbo yonse misozi ili chuchuchu. Lamlungu lotsatira anakana kuvala diresi ija, ndipo kumtunda sanakwereko kufikira atachoka. Atamaliza sukulu anakwera sitima ya kum'mawa, n'kukapeza ntchito ya mafoni ku Hamilton, kutali kwenikweni. Emil anamuperekeza pasiteshoni, ndipo pobwera anakhala m'khitchini mwanga, chipewa chili pamawondo. Analibe anthu ena apamtima padziko koma awiriwo, wina kumtunda, wina m'sitima.

Patapita zaka, Arlis anatulukira nthawi yokolola, atavala jasi la m'tauni, akununkhira bwino. Tinakhala patebulo langa, ine ndikusenda mbatata.

"Ababa, ndikukwatiwa. Dzina lake ndi Murray Aitken, amagwira ntchito ku fakitale ya zitsulo."

Emil anadzambatuka ndi chimwemwe mpaka kutayira khofi pansalu yanga yatsopano.

"Koma pali zimene muyenera kudziwa," anatero Arlis, maso ali pa kapu. "Ndinawauza kuti kwathu n'ku Lorimer."

"Aa, zimenezo n'za aliyense kuno," anaseka Emil. "Wouma mutu ndine ndekha."

"Ndinawauzanso kuti amayi anamwalira ine ndili khanda."

Ndinaika mpeni pansi bwinobwino, chifukwa ndimadzidziwa.

"Iwe Arlis, wati chiyani? Taima pazenera apo! Denga ukulionalo, mayi ako ali pansi pake, akusoka mapilo, amoyo ngati iwe ndi ine!"

"Anti Nettie, inu simukudziwa. Amayi a Murray amafunsa za kumtundu. Anandifunsa za shuga, za mtima, za chifuwa. Akamva izi adzati ana athu adzatengera. Adzamuletsa."

"Ndiye wapha mayi ako kuti upeze mwamuna? Manyazi ulibe?"

"Nettie, musiyeni mwana," anatero Emil motsitsa. Kenaka anacheukira kwa mwana wake. "Ukufuna nditani?"

"Mungokhala chete, ababa. Tsiku limodzi lokha. Sindikuti muname, mungokhala chete." Kenaka anawonjeza, "Ngati simungathe, kuli bwino musabwere."

Ndiye nkhani inagona pamenepo. Akane mkazi wake kuti akaperekeze mwana wake kuguwa, kapena asunge mawu ake aja n'kutaya mwana mpaka kale. Ndinamuuza maganizo anga mosapsatira, usiku ndi usana, mpaka ana anga anati amayi mupumeko. Tsiku lina Emil akutsuka zitini za mkaka anangoti, "Mwana uja ndinamubweretsa kuno ndine. Sanasankhe yekha. Ndamulipiritsa zaka zonsezi chifukwa cha liuma langa."

Verna anali pa nyengo yabwino miyezi imeneyo. Emil anamuuza za ukwati, koma zinazo sanamuuze. Verna anakondwa, n'kumukonzera kolala. "Upite, Emil. Ukawauze kuti ndikudwala pang'ono, n'chifukwa chake sindinabwere. Asaganize kuti ndine mayi wosasamala."

Tinapita awiri, Emil ndi ine, pa sitima. Anabwereka suti kwa mkulu wa kumunda, manja ake aafupi. M'njira monse ankadzilimbitsa mtima kuti, "Kukhala chete si kunama, Nettie. Ine kukhala chete ndimatha." Ndipo kutchalitchi zinayendadi. Anamuperekeza Arlis pang'onopang'ono monga mwa kayendedwe kake, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe anadandaula kuti akuchedwa. Mwanayo anali wokongola, anatengera mayi ake chibwano ndi maso. Ndinalira, ngakhale ndinali nditalumbira kuti sindimulilira.

Chimene tonse atatu tinaiwala n'chinthu choti tinali titachiona pa ukwati uliwonse chibadwire. Anthu akadya n'kukhuta, woyendetsa mwambo amaimika alendo ochokera kutali mmodzimmodzi, aliyense atchule dzina lake ndi kwawo, ndipo wochokera kutali koposa amamuombera m'manja kwambiri. Ku Hamilton nako amatero. Woyendetsa mwambo anali malume a mkwati, munthu wamimba, wanthabwala. Anaimika wa ku Ottawa, anaimika awiri a ku Buffalo, kenaka anakweza mawu.

"Tsopano amene watiposa tonse! Bambo a mkwatibwi, ochokera kuthengo kwa tirigu uko! Imirirani, bambo Tollefson, mutiuze kwanu n'kuti, tikakuchezereni!"

Anthu anaseka n'kuomba m'manja. Emil anaimirira. Dzanja lake linapita kumutu kufuna chipewa, koma chipewa chinali pakhomo. Ndinayang'ana kutebulo la akwati. Arlis nkhope inali itayera ngati nsalu yake, akumuyang'anitsitsa bambo ake osaphethira.

"Ndine Emil Tollefson," anatero. Anakhosomola. "Wa ku Lorimer."

M'manja munalira. Anakhala pansi ngati thumba la tirigu.

Tinkayesa kuti zatha, koma chakudza sichiimba ng'oma. Abusa a kumeneko, munthu wabwino wosadziwa kanthu, anaimirira nati, "Pa tsiku lachimwemwe ngati lino pali mmodzi amene sali nafe. Tiyeni tonse tiimirire, tikumbukire malemu mayi Verna Tollefson, amene anasiya mwana wokongolayu ali khanda, ndipo bambo ake anamulera okha."

Mipando inakhulula. Holo yonse inaimirira, mitu pansi. Ine ndinakhalabe pansi, ndipo ndikanakhalabe ngakhale akanabwera ndi apolisi. Emil anakhala nane kanthawi. Kenaka anayang'ana mwana wake, anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, n'kudzikoka mpaka kuimirira. Abusa anapemphera pemphero lalitali lokoma, kuti mzimu wa Verna uuse mumtendere. Emil anati ameni pamodzi ndi anzake. Ndinamumva ndi makutu angawa.

Mtima unandiwira. Pafupi nane panali azakhali a mkwati, mayi wa chipewa cha nthenga, amene anandifunsa mwaulemu ngati inenso ndine wa ku Lorimer. Ndinati lero kaya zivute zitani.

"Ayi mayi, ine ndine wa ku Ellerby," ndinatero mokweza, ndikuwayang'ana m'maso, kudikira kaseko kaja.

"Ellerby," anatero akulawa dzinalo. "Dzina lokoma bwanji! Kuli nyanja kumeneko?"

Mayiyo anacheukira kwa amuna awo. "Bambo, munamvapo za Ellerby?" Amunawo anati mwina ili ku England. Mnyamata wina wa patebulopo anati ayi, ndi mtundu wa tchizi. Palibe ndi mmodzi yemwe m'holo monsemo amene ankadziwa. Ife tinakula tikuganiza kuti dziko lonse limatiloza chala, kuti dzina lathu linafika kulikonse kumene njanji imafika. Chonsecho manyazi athuwo ankathera m'malire a chigawo chathu. Arlis anakhala zaka zonsezo pakati pa anthuwa osaliyesa n'kamodzi komwe pakamwa kuti aone ngati liluma.

Emil anali pambali panga, ndipo anamva zonse. Tinali m'sitima yobwerera, titadutsa nkhalango zonse za m'njira. Ndi pamene anati, "Ndiye kuti kwathu ndakukana pachabe." Patapita nthawi anawonjeza, "Koma kuimirira kuja, ngakhale akanalidziwa dzinalo, kunalibe chondikakamiza. Miyendo inali yanga."

Sindinamukalipire. Kanali koyamba chidziwireni munthuyu.

Lamlungu lotsatira anakwera chitunda atanyamula kachidutswa ka keke ya ukwati kokulunga m'pepala. Ine ndinali pantchito, ndipo ndinachita dala kukankhira tiyi ku wodi ya Verna. Ndinawapeza atakhala pazenera. Verna anafunsa za diresi, za maluwa, za mkamwini ngati ali ndi mano onse. Emil anayankha zonse. Kenaka Verna anamugwira dzanja.

"Anandifunsa anthu?"

"Anakutchula."

"Dzina langa?"

"Dzina lako lonse."

"Anandipempherera?"

"Eya. Anakupempherera. Holo yonse, chiimire."

Mukanaona nkhope ya mayi uja. Anawala ngati mtsikana. Anaitana anzake a m'wodi, amayi aja oiwalidwa ndi abale awo, n'kuwagawira kekeyo tinyenyeswa. "Mwamva? Ku Hamilton anthu anaimirira chifukwa cha ine. Anthu osandidziwa n'komwe!" Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse limene mutu wake unali bwino, ankamupempha Emil kuti afotokozenso. Anali angati? Abusa anati chiyani? Arlis analira? Iwenso unaimirira? Ndipo Emil ankafotokoza, kusiya mawu amodzi okha, aja oti malemu. Ndinamuona akukalamba pampando umenewo. Chilango choposa chimenecho sindinachionepo, ndipo ndinamumvera chisoni chimene mpaka lero sichinandichoke.

Ku Hamilton sanapitenso. Arlis ankalemba pa Khirisimasi, n'kutumiza zithunzi za ana, anyamata awiri amakutu a agogo awo. Kubwera nawo sakanatha, chifukwa ana amafunsa mafunso, ndipo agogo awo Lamlungu masana akanasowa pakhomo. Emil ankapita nazo zithunzizo kumtunda. Verna ankazipsompsona n'kunena kuti akachira adzapita kukawaona.

Verna anamwalira m'nyengo ya chisanu, ndi chibayo, tsitsi lake litachita mbuu. Emil analibe foni m'kanyumba kake, ndiye anabwera kudzaimbira kwanga. Ndinamupezera nambala, n'kuima pomwepo. Mawu a Arlis ankamveka bwinobwino m'khitchini monse.

"Arlis, mwana wanga, amayi ako atisiya m'mawa uno. Tiika Lachisanu. Sitima ukakwera mawa ufika."

Kenaka tinamva kulira, kulira kwenikweni kwa mwana wolira mayi, koma kotsekereza ndi dzanja pakamwa. Kumbuyo kwake kunkamveka ana akusewera, ndi mawu a mwamuna akufunsa kuti ndani akuimba.

"Ababa," ananong'ona Arlis, "ndikufuna kubwera. Mulungu akudziwa ndikufuna. Koma Murray ndimuuza kuti ndikupita kumaliro a ndani?"

Emil anandipatsa foni, n'kutuluka kukakama ng'ombe, pakuti nthawi inali itakwana.